Mlaliki, Chikumbumtima ndi Lupanga: Kuchokera kwa George Fox Kufika ku Mbombwe

Mudzi wa Nkando uli pakati pa malo awiri amene mbiri ya Malaŵi siingawaiwale: Mbombwe ku Chiradzulu, kumene John Chilembwe anamanga mpingo wake, ndi dera la Mulanje, kumene anaphedwa. Pakati pa malo awiriwa pagona funso lakale: kodi mlaliki akaona anthu ake akuponderezedwa, alimbane ndi chida chanji?

Funsoli linayankhidwapo ku England ndi gulu la Abwenzi, limene anthu analipatsa dzina lachipongwe lakuti ma Quaker. George Fox anayamba kulalika m'chaka cha 1647, naphunzitsa kuti kuwala kwa Khristu kumaunikira munthu aliyense. Abwenziwo anaona msanga kumene chiphunzitsochi chikuloza. Ngati kuwalako kuli mwa onse, mkazi angathe kulalika, monga Margaret Fell analembera mu 1666. Ndipo mdani sayenera kuphedwa, monga anauzira Mfumu Charles II mu 1661. Za ukapolo anachedwa nazo. Abwenzi a ku Germantown, ku America, anautsutsa mu 1688, koma msonkhano wao wa ku Philadelphia unaletsa kusunga akapolo mu 1776, John Woolman atatopa ndi kuyenda khomo ndi khomo kudandaulira abale ake. Chida chao chinali mau, kuleza mtima ndi kulolera ndende.

Amene anafika kuno ndi mzimu wofanana ndi umenewu ndi Joseph Booth. Iyeyu sanali m-Quaker, anali wa Baptist, koma nkhondo ankaikana kotheratu. Anafika mu 1892 nayambitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre. Mu 1897 anatulutsa buku lotchedwa Africa for the African. Mu 1899 anakonza chikalata chopita kwa Mfumukazi Victoria, chopempha kuti msonkho wa nyumba uzigwira ntchito yophunzitsa eni dziko, ndi kuti patapita zaka 21 dziko libwerere m'manja mwao. Boma la Alfred Sharpe linamuopseza, ndipo anathawira ku Mozambique.

Chilembwe anali wantchito wa m'nyumba ya Booth, ndipo anapita naye ku America mu 1897. Atabwerako mu 1900 anayamba ndi njira ya mphunzitsi wake: sukulu, ntchito za manja, ndi kudzudzula thangata wa m'minda ya Bruce ku Magomero. Mu Novembala 1914 analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti Aafrika akufa pa nkhondo imene siili yao. Boma silinamve. Pa 23 Januwale 1915 anthu ake anatenga mikondo. William Jervis Livingstone anaphedwa, mishoni ya Nguludi inatenthedwa, ndipo pa 3 Febuluwale Chilembwe anaomberedwa.

Kuweruza Chilembwe ndi muyeso wa Fox nkosavuta, koma si chilungamo. Abwenzi, ngakhale anazunzidwa, anali nzika zotha kusindikiza mabuku ndi kufika ku nyumba ya malamulo, ndipo anali ndi zaka zana zodikira. Mlomwe wa pa thangata analibe khomo logogodapo. Njira ya mtendere imafuna wolankhula wolimba mtima, komanso wolamulira wokhala ndi makutu. Choncho mlandu wa 1915 sugwera wotenga mkondo yekha. Ugweranso iwo amene anakana kumva mlaliki pamene anali ndi cholembera chokha m'dzanja lake.