Mabomba okwirira pansi

Mabomba okwirira pansi ndi zida zankhondo zomwe amazitchera m'nthaka kuti ziphulike munthu kapena galimoto ikaponda. Bomba lotere silisowa msilikali woti aliwombe, ndipo limatha kukhala lamoyo zaka makumi angapo nkhondo itatha. N'chifukwa chake ambiri amene limawavulaza ndi anthu wamba: alimi, abusa a ziweto, amayi otola nkhuni ndi ana.

Mbiri

Pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse, dziko la Britain litayamba kugwiritsa ntchito akasinja mu 1916, asilikali a Germany ankakwirira zipolopolo za mizinga kuti awaswe. Pa nkhondo yachiwiri kunafala mabomba ang'onoang'ono olimbana ndi anthu, monga S-mine la ku Germany lomwe linkadumpha pafupifupi mita imodzi lisanaphulike.

Kenako kunabwera a pulasitiki, otsika mtengo komanso ovuta kuwapeza ndi makina ofufuzira zitsulo. Choipitsitsa chinali kuwamwaza kuchokera mumlengalenga, chifukwa pamenepo palibenso wolemba mapu a pamene agwera. Ku Afghanistan, pakati pa 1979 ndi 1989, ndege za Soviet Union zinamwaza timabomba ta PFM-1 tooneka ngati gulugufe, ndipo ana ankatitola osadziwa. Ambiri mwa mabomba ang'onoang'onowa anapangidwa dala kuti adule mwendo m'malo mopha, popeza wovulala amatangwanitsa anzake omunyamula.

Ku Mozambique

Mabomba anatcheredwa pa nkhondo yomenyera ufulu (1964–1974), makamaka mozungulira damu la Cahora Bassa ku Tete, komanso pa nkhondo ya Frelimo ndi Renamo yomwe inatha mu 1992. Othawa nkhondo pobwerera kuchokera ku Malawi anapeza minda, njira ndi zitsime zina zosayandikika. Ntchito yowachotsa inatenga zaka zoposa 20. Bungwe la HALO Trust linachita gawo lalikulu, pamene la APOPO linkagwiritsa ntchito makoswe a mtundu wa bwampini, omwe amanunkhiza bomba koma ndi opepuka moti saliphulitsa. Dzikolo linalengeza mu September 2015 kuti malo onse odziwika ayeretsedwa.

Pangano la ku Ottawa

Pangano la mu 1997 limaletsa kupanga, kusunga ndi kutchera mabomba olimbana ndi anthu. Mayiko oposa 160 analowamo, kuphatikizapo Malawi, Zambia ndi Mozambique, koma United States, Russia ndi China sanalowemo. Mu 2025 Poland, Finland, Estonia, Latvia ndi Lithuania analengeza zotulukamo poopa Russia.