Suspension ndi mabuleki akutsogolo a dune buggy

Dune buggy ndi galimoto yopepuka ya matayala aakulu imene inapangidwira kuyenda pamchenga, m'chipululu ndi m'malo ena opanda msewu. Ma buggy ambiri amamangidwa pa chasisi cha Volkswagen Beetle, choncho amatengera suspension ndi mabuleki a galimoto imeneyi. Suspension ndi zitsulo, masipuling'i ndi mashoko zimene zimalumikiza magudumu ku chasisi, ndipo ntchito yake ndi kuthandiza matayala kugwira pansi m'njira ya mabampu. Zida za Beetle anazipangira misewu wamba, n'chifukwa chake amakanika ndi eni ma buggy amasintha zakutsogolo. Popeza injini ili kumbuyo, kutsogolo kwa buggy n'kopepuka kwambiri, ndipo pafupifupi chilichonse chimene amasintha chimadalira mfundo imeneyi.

Mbiri

Buggy yotchuka kwambiri ndi Meyers Manx, imene Bruce Meyers anapanga mu 1964 ku Newport Beach, California, m'dziko la United States. Atapanga zoyamba zochepa, anayamba kuika thupi la fiberglass pa chasisi cha Beetle chofupikitsidwa ndi masentimita pafupifupi 36. Mu 1967, Vic Wilson ndi Ted Mangels anapambana ndi Meyers Manx pa mpikisano woyamba wa Mexican 1000, wochokera ku Tijuana kukafika ku La Paz m'chigawo cha Baja California ku Mexico. Mpikisanowu ndi umene pambuyo pake unadziwika kuti Baja 1000, ndipo njira zambiri zolimbitsira kutsogolo kwa buggy zinakula chifukwa cha mipikisano ya m'chipululu ngati imeneyi.

Kapangidwe ka Volkswagen

Kutsogolo kwa Beetle kuli mapaipi awiri achitsulo opingasa, ina pamwamba pa inzake, amene pamodzi amatchedwa beam. M'paipi iliyonse muli mtolo wa zitsulo zazitali zopyapyala, zotchedwa torsion leaves, womangidwa pakati. Kumapeto kwa mapaipiwo kuli mikono inayi yoloza kumbuyo, iwiri mbali iliyonse, imene imagwira spindle, chitsulo chimene gudumu limazungulirapo. Gudumu likagunda bampu, mikono imakwera n'kupotokola zitsulo za m'katimo, ndipo izo zimabwerera ngati sipuling'i.

Ma Beetle a mpaka 1965 amalumikiza mikono ku spindle ndi timitanda tachitsulo totchedwa link pin, pamene a kuyambira 1966 amagwiritsa ntchito ball joint. Okonda mipikisano amasankha link pin chifukwa ball joint imapindika pang'ono pokha, ndipo ikafika pamalire ake imatha kuzuka kapena kuthyoka. Super Beetle, imene inayamba mu 1970, ilibe beam koma ili ndi MacPherson strut, ndipo anthu saikonda pomanga buggy.

Kusintha suspension

Cholinga chachikulu ndi kuwonjezera mtunda umene gudumu lingakwere ndi kutsika, komanso kukweza mimba ya galimoto kuti isamagunde miyala. Njira yotsika mtengo ndi kudula pakati pa mapaipi n'kuwotchererapo ma adjuster, amene amatembenuza zitsulo za m'kati kuti galimoto ikwere. Ena amaika ma spindle a Volkswagen Type 181, galimoto yotchedwanso Thing, amene amakweza kutsogolo popanda kuumitsa masipuling'i.

Ofuna kuthamanga m'chipululu amaika mikono italiitali, beam yotakata ndi nsanamira zazitali zogwira mashoko. Ambiri amachotseratu zitsulo zopotokoka n'kuika ma coilover, mashoko ozengedwa ndi sipuling'i kunja kwake. Mashoko a mpikisano amakhala ndi kathanki kapadera ka mafuta ndi mpweya wa nitrogen, chifukwa mafuta akatentha n'kuchita thovu shoko siigwiranso ntchito bwino. Masipuling'i sayenera kulimba kwambiri: kutsogolo kopepuka kukakhala ndi masipuling'i olimba, matayala amangodumphadumpha ndipo chiwongolero sichimvera.

Mikono ikatalika, mphamvu yokankha zitsulo zina imakula. Choncho amawotcherera zitsulo zolimbitsa pa ma spindle, amaika ma tie rod ochindikala, ndiponso amachirikiza beam ndi zitsulo zochokera ku chasisi kuti isapindikire kumbuyo. Amamangiriranso malamba oletsa gudumu kutsika mopitirira, ndi malabala olandira mikono ikakwera mpaka pamapeto. Ma tie rod akapanda kuyenda mogwirizana ndi mikono, magudumu amakhota okha pa bampu iliyonse. Vuto limeneli limatchedwa bump steer, ndipo lingagubuduze galimoto yothamanga.

Kusintha mabuleki

Ma Beetle ambiri anali ndi mabuleki a drum kutsogolo ndi kumbuyo. Mabuleki a disc akutsogolo anayamba kuikidwa pa Karmann Ghia ndi pa Beetle 1500 ya ku Ulaya ya 1967. Ma drum amasunga kutentha, matope ndi madzi, ndipo amafuna kuwakonza pafupipafupi kuti mbali zonse zizigwira mofanana. Ma disc amazizira msanga ndipo amadziyeretsa akamazungulira. Kufunika kwa mabuleki abwino kumakulanso munthu akaika matayala aakulu, chifukwa tayala lalitali limavuta kuliimitsa kusiyana ndi lalifupi.

Komabe mabuleki amphamvu kwambiri kutsogolo amabweretsa ngozi pa buggy. Matayala akutsogolo sasenza kulemera kokwanira, ndiye pamchenga kapena pamiyala ing'onoing'ono amamangika msanga n'kuyamba kutsetsereka. Tayala lomangika silikhota, ndipo galimoto imapita molunjika ngakhale dalaivala apotoze chiwongolero. N'chifukwa chake amakanika amasankha ma caliper aang'ono kutsogolo n'kupereka gawo lalikulu la ntchito ku mabuleki akumbuyo. Ena amaika ma master cylinder awiri olumikizidwa ndi chitsulo chotchedwa balance bar, chimene chimagawa mphamvu ya phazi pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Ma sandrail ambiri, amene amayenda pa milu ya mchenga pokha, alibiretu mabuleki akutsogolo, koma ali ndi mikono yomangira gudumu limodzi lakumbuyo pofuna kukhota.

Posintha kuchoka ku drum kupita ku disc, pamafunika master cylinder yogwirizana ndi ma disc. Ya ma drum imakhala ndi valavu yosunga mphamvu pang'ono m'mapaipi, imene ingachititse ma disc kukhuza ndi kutentha. Ma master cylinder a njira ziwiri, amene Volkswagen inayamba kuika chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ndi otetezeka chifukwa paipi imodzi ikaphulika magudumu awiri amakhalabe ndi mabuleki. Mapaipi ofewa a mabuleki ayeneranso kutalikitsidwa, apo ayi amaduka gudumu likatsika mpaka pamapeto. Kabowo ka mabawuti kayeneranso kugwirizana ndi magudumu: ma Beetle akale ali ndi mabawuti 5 pa mzere wozungulira wa mamilimita 205, pamene atsopano ali ndi mabawuti 4 pa mamilimita 130.

Kusamalira

Mchenga ndi fumbi zimadya mabushi ndi ma link pin msanga, choncho amathira girisi ndi kuyang'ana ming'alu m'malo owotcherera pambuyo pa ulendo uliwonse wovuta. Mafuta a mabuleki a DOT 3 amawira pa madigiri 205 kapena kuposerapo akakhala atsopano, ndipo a DOT 4 pa madigiri 230. Mitundu yonse iwiri imayamwa chinyezi, chimene chimachititsa kuti aziwira msanga, choncho amafunika kusinthidwa nthawi ndi nthawi.