Chidindo cha pa Chiwaya cha Mjeremani

Lero munthu akatchula chiwaya, malovu amadzaza mkamwa poganiza tchipisi ndi nyama yokazinga. Koma kwa agogo a kugombe la nyanja ndi kumapiri a Niassa, chiwaya chinali mfuti yolavula zipolopolo mosapumira, ndipo nkhondo yonse ya 1914 mpaka 1918 anaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Nthawi imeneyo Lichinga kunalibe. Tauniyi Apwitikizi anaikhazikitsa mu 1931 n'kuitcha Vila Cabral, utsi wa mfuti utazilala kale.

Dera lake ndiye linalawa moto. Mu Ogasiti 1914 Ajeremani anathira nkhondo kamsasa ka Apwitikizi ku Maziúa, m'mbali mwa Rovuma. Pa 25 Novembala 1917, mkulu wa asilikali a Ajeremani Paul von Lettow-Vorbeck anawoloka mtsinjewo pa Negomano, pomwe Lugenda amathira, nagonjetsa gulu la Apwitikizi la Major Teixeira Pinto. Mwezi wotsatira mfuti zinalira masiku angapo pa phiri la Mecula.

Chiwaya cha Ajeremani chimene osonkhanitsa zida zakale amachilakalaka ndi MG 08, chobadwa ku nzeru za Hiram Maxim. Mpope wake unkakhala m'chigubu cha madzi pafupifupi malita 4 kuti usapse, ndipo zipolopolo 250 zinkalowa zitandandalikidwa pa lamba wansalu. Wodziwa malondawa sayamba ndi mpope. Amapukuta chivundikiro chachitsulo, n'kuwerenga zilembo zokhomedwapo: nambala, chaka, ndi dzina la fakitale. Akaona D.W.M. Berlin, ndiye kuti ndi ya kampani ya Deutsche Waffen- und Munitionsfabriken. Akaona Spandau, inatuluka m'fakitale ya boma. Kenako amafufuza nambala ija pa kachitsulo kalikonse. Zikagwirizana, mtengo umakwera. Zikasiyana, amadziwa kuti mfutiyo inachita kulumikizidwa ndi ziwalo za inzake.

Ku Ulaya mfuti zotere amazigulitsa atazifoola: mpope amautseka ndi kuuwotcherera, zitsulo zowombera amazidula. Ku Britain, akuluakulu oyesa mfuti a ku London kapena Birmingham amakhomapo chidindo china chotsimikiza kuti siingalirenso.

Koma chidindo chili ndi bodza lake, ndipo nkhondo ya kuno imaliulula. Zombo za Angerezi zinatseka nyanja yamchere, moti zida zochokera ku Germany zinkafika mwa apo ndi apo. Ndege yachibaluni ya L 59, yomwe inanyamuka ku Bulgaria mu Novembala 1917 itasenza ziwaya ndi mankhwala, inabwerera ili kumwamba kwa Sudan. Lettow-Vorbeck ankadya za adani ake basi. Pa Negomano asilikali ake anataya mfuti zawo zakale zofuka utsi za 1871, n'kutola za Apwitikizi zotchedwa Mauser-Vergueiro. Chodabwitsa n'chakuti mfuti za Apwitikizizo, ngakhale zinali ndi chizindikiro cha Mfumu Carlos, zinapangidwa ku Berlin ndi D.W.M. yemweyo! Mjeremani analanda katundu amene kwawo anagulitsa. Ndipo pomwe anagonja ku Abercorn, Mbala ya lero, pa 25 Novembala 1918, ziwaya 37 zimene anapereka zambiri zinali za Angerezi.

Palinso china chimene fakitale sinakhome. Chiwaya pamodzi ndi miyendo yake, madzi ndi mabokosi a zipolopolo sichinali katundu wa munthu mmodzi. Ankachisenza ndi amtengatenga, Ayao, Anyanja, Amakua ndi ena, ambiri ogwidwa mokakamiza, akudutsa m'matope a dzinja ndi njala m'mimba. Nkhokwe za m'midzi ankazikokolola magulu onse, a Mjeremani, a Mngerezi ndi a Mpwitikizi omwe. Osonkhanitsa mfuti amatha kunena chaka ndi fakitale ya chiwaya chilichonse, koma dzina la amene anachinyamula pamutu kuchoka ku Metangula kukwera kwa Mataka palibe pomwe linalembedwa pachitsulocho.

Wa ku Lichinga wofuna kuona chitsulo cha nkhondoyo ndi maso angowoloka malire pa Mandimba. Ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, pali mzinga wa Hotchkiss wa sitima ya Guendolen, imene inalemaza sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Liuli mu Ogasiti 1914.