Lilongwe Asanakhale Likulu la Dziko

Anzanga amene tinaphunzira limodzi, ambiri a ife tinakulira ku Namitete, Nsaru ndi Kabudula, komwe makolo athu akanena zopita ku Lilongwe ankati "tikupita ku Boma". Dzinali lili ndi mbiri yake.

M'chaka cha 1904 atsamunda anakhazikitsa ofesi ya bwanamkubwa m'mbali mwa mtsinje wa Lilongwe, m'dera la Mfumu Njewa. Chimene chinakuza malowa ndi fodya. M'zaka za m'ma 1920 mzungu wina, A.F. Barron, anayamba ulimi wa fodya ku Mbabzi, ndipo alimi a m'midzi yathu anayamba kulima fodya wogulitsa. Mu 1947 Lilongwe anakhala tauni.

Pa kalembera wa 1966 munali anthu 19,425 okha. Likulu la dziko litasamuka ku Zomba mu 1975, chiwerengero chinakwera msanga: 98,718 mu 1977, ndipo 989,318 mu 2018.

Mzinda ukamakula umadya minda. Funsani agogo anu mayina a midzi yakale ndi malire ake, muwalembe, iwo asanatisiye.