Hita ya galimoto yasiya kutentha? Onani izi musanawononge ndalama

Juni ndi Julaye akafika, chiperoni n'kuyamba kuwomba ku Blantyre, ndi pomwe ambirife timakumbukira kuti galimoto ili ndi hita. Ine ndimati hita si yongothamangitsira kuzizira ayi. Galasi lakutsogolo likachita nkhungu m'mawa, mpweya wotenthawo ndi umene umaliyeretsa kuti muone akabaza ndi ana asukulu pamsewu.

Kuseri kwa dashibodi kuli karediyeta kakang'ono kotchedwa heater core. Madzi otentha ochokera mu injini amadutsa mmenemo, ndiye fani imakankhira kutenthako mkati mwa galimoto. Hita ikafa, yang'anani izi:

1. Madzi achepa. Onani thanki ya coolant injini itazizira. Chonde abale, osatsegula chotsekera cha rediyeta injini ili yotentha, madziwo amathovoka n'kukuwotchani.

2. Fani sikuzungulira. Yambani ndi fyuzi, ndiyo yotchipa. Ngati fani ikugwira pa liwiro lomaliza lokha, nthawi zambiri chafa ndi resistor.

3. Thermostat. Ikakanirira yotseguka, kapena ngati makaniko wina anaichotsa poti "kuno n'kotentha", injini imachedwa kutentha. Muona muvi wa kutentha uli pansi ngakhale mwayenda mtunda wautali, mafutanso amatha msanga. Ibwezeretseni.

4. Heater core yatsekeka. Injini ikatentha, tsegulani hita, kenako khudzani mosamala mapaipi awiri olowa kuseri kwa injini cha kudashibodi, dzanja litalikire fani ndi malamba. Onse akhale otentha. Imodzi ikakhala yozizira, mwina mkati mwadzaza dzimbiri. Zimenezi zimabwera chifukwa chothira madzi apampopi okhaokha. Makaniko angathe kuitsuka popopera madzi chobwerera.

5. Ikudontha. Fungo lotsekemera, kapeti yonyowa kutsogolo, ndi galasi lochita ngati lapakidwa mafuta, ndiye kuti core yabooka. Apa musazengereze, madzi akatha injini iwira, gasiketi n'kupsa, ndipo ndalama zake si zamasewera.

Kusintha core kumadula chifukwa m'magalimoto ambiri pamafunika kumasula dashibodi yonse. Choncho ndikulangizani kuti muyambe ndi madzi ndi fyuzi, ndipo makaniko akuonetseni chomwe chafa asanamasule chilichonse. Coolant yotsala muisunge patali ndi ana komanso agalu, ndi poizoni.