Mbiri ya Muzura Tiifunefune Kuti?

Mu 1616, Mpwitikizi wina dzina lake Gaspar Bocarro adanyamuka ku Tete wapansi kulowera ku Kilwa, kugombe la nyanja ya mchere. Panjira adalandiridwa ndi mfumu yamphamvu ya Amaravi, Muzura. Akatswiri ena a mbiri yakale amati likulu la mfumuyi lidali chakuno, m'dera la Mwanza ndi Neno, komwe kumadutsa mtsinje wa Wamkulumadzi. Koma mukafunsa mwana wasukulu pa Neno Boma kuti Muzura adali yani, angokuyang'anani kukamwa yasa.

Vuto si la mwanayo. Zomwe Bocarro adaona zidalembedwa m'Chipwitikizi, ndipo maso ake adali a mlendo wodutsa: ankawerenga masiku a ulendo, mitsinje yowoloka ndi mphatso zopereka kwa mafumu. Zomwe anthu ankapembedza kapena kuimba sizidamukhudze kwenikweni.

Anzathu a ku Mexico zidawathina mwa mtundu wina. Amaya adali ndi mabuku awoawo, koma mu 1562 wansembe Diego de Landa adawatentha ku Maní, ndipo lero otsala ndi 4 okha. Za Aaziteki zambiri tikuzidziwa chifukwa wansembe mnzake, Bernardino de Sahagún, adakhala pansi ndi akuluakulu n'kulemba zonena zawo m'chinenero chawo cha Nahuatl.

Kwathu kuno ntchito ngati imeneyi adaigwira ndi mphunzitsi Samuel Josiah Ntara, mlembi wa buku la Mbiri ya Achewa, lochokera m'zokamba za nkhalamba. Komabe mbiri ya pakamwa nayo ili ndi khalidwe lake. Gogo akamafotokoza za ufumu, mbumba yake imaoneka yoyera nthawi zonse.

Mboni yosakondera ndi dothi. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, katswiri wofukula zakale Yusuf Juwayeyi adakumba pomwe padali likulu la Kalonga, mfumu yaikulu ya Amaravi. Adapeza mikanda yagalasi, zibangili za mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale zochokera ku China, ndipo adazifotokoza m'buku lake la mu 2020. Amaravi ankachita malonda ndi maiko akutali, nkhani yake ndi imeneyo.

Neno lidakhala boma palokha mu 2003, koma anthu adayamba kalekale kukhala m'mapiri mwake. Alimi polima mbatatesi kapena tirigu amatha kufukula mapale okhala ndi mizeremizere m'khosi, n'kuwaponya m'malire mwa munda. Mapale oterowo ndi omwe akatswiri amadziwira zaka za mudzi, bola aonedwe pamalo pomwe apezekapo.