Nthenda ya Mafumu ndi Zakudya Zosaphika

Ana inu, pamodzi ndi aphunzitsi anu, lero timve mbiri ya gauti. Iyi ndi nyamakazi imene imakonda kugwira cala cacikulu ca kuphazi, makamaka usiku. Sing'anga wa ku England, Thomas Sydenham, anadwala nthendayi iye mwini, ndipo mu 1683 analemba za ululu wake woopsa. Ku Ulaya ankaicha nthenda ya mafumu, popeza inkagwira kwambiri anthu olemera, okhuta nyama ndi vinyo.

Motero ambiri anaganiza kuti mankhwala ake ali m'mbale. M'zaka za m'ma 1720, George Cheyne wa ku Scotland ankalangiza odwala kudalira mkaka ndi ndiwo zamasamba. Ca m'ma 1900, ku Zurich, Maximilian Bircher-Benner ankapatsa odwala ake zipatso ndi masamba osaphika, ndipo kufikira lero alipo amene amakhulupirira njira imeneyo.

Koma gwero lenileni analipeza Alfred Garrod wa ku London mu 1848. Iye anaona kuti m'magazi a odwala gauti mumaculuka asidi wochedwa uric acid. Asidiyu amaundana m'mfundo za mafupa ngati tisingano. Woculuka amapangidwa ndi thupi lenilenilo, ndipo amaunjikana pamene impso zalephera kumtulutsa bwino. Kucepetsa mowa, ciwindi ndi tinsomba ngati kapenta kumathandizadi, koma pang'ono cabe. Zakudya zosaphika pazokha sizithetsa nthendayi. Thandizo lalikulu linadza m'zaka za m'ma 1960, pamene madokotala anayamba kupereka mankhwala a allopurinol, amene amacepetsa asidi amene thupi limapanga.